Maola owonjezera: ku America nakonso wam'munda amatuluka thukuta kuti alipidwe

Kukolola sikuyang'ana wotchi. Amene anaonapo fodya akupsa m'munda, kapena ng'ombe zikulira kufuna kukamidwa m'bandakucha, akudziwa kuti ntchito ya ulimi siweruka 5 koloko. Koma nanga maola amene munthu wapitiriza, bwana akakana kulipira, ndalamazo zimatoleredwa bwanji? Ndatenga chitsanzo cha ku America, kumene ambiri timaganiza kuti zonse ndi zolongosoka. Ayi ndithu.

Dziko limenelo lili ndi malamulo apawiri: a boma lalikulu okhudza dziko lonse, ndi a zigawo zake 50, chilichonse ndi nyumba yake ya malamulo. Lamulo la boma lalikulu, Fair Labor Standards Act, linakhazikitsidwa mu 1938. Limati munthu akadutsa maola 40 pa sabata, ola lililonse lowonjezera alandire malipiro a ola limodzi ndi theka. Koma ogwira ntchito m'minda anawasiya panja. Olemba mbiri ambiri amati aphungu a zigawo za kum'mwera, kumene antchito a m'minda ya thonje ambiri anali anthu akuda, ndi amene anakakamira zimenezi. Mu 1966 ena mwa antchito a m'minda anawaikira malipiro ochepetsetsa, koma za ovataimu mpaka lero lamulo lalikulu siliwawerengera.

Zigawo zina ndi zimene zakonza pang'ono. California inavomereza lamulo mu 2016, n'kumatsitsa maola pang'onopang'ono kuchoka pa 60 mpaka anafika 40 mu 2022 pa mafamu akuluakulu, ndi mu 2025 pa ang'onoang'ono. New York inayamba ndi maola 60 mu 2020 ndipo ikufuna kufika 40 mu 2032. Ku chigawo cha Washington (osati likulu lija) anayambitsa ndi okama ng'ombe, amene anasumira famu ya mkaka ya DeRuyter Brothers. Khoti lalikulu la chigawocho linawakomera mu Novembala 2020, ndipo aphungu anapanga lamulo mu 2021 lofikitsa maola pa 40 mu 2024. Koma taonani: lamulo lomwelo linatseka khomo kuti antchito ena a m'minda asakafunse ndalama za zaka zam'mbuyo. Thukuta lakale linapita ndi mphepo.

Kwa amene lamulo likuwateteza, njira ilipo. Munthu akhoza kukadandaula ku nthambi ya malipiro ndi maola ya unduna wa zantchito, kapena ku ofesi ya zantchito ya chigawo chake, kapena kusuma kukhoti yekha ngakhalenso pamodzi ndi anzake. Akapambana, nthawi zambiri amalandira ndalama zake kuwirikiza kawiri, ndipo bwana amalipiranso loya. Kuchotsa munthu ntchito chifukwa wadandaula ndi mlandu wina pawokha. Komabe nthawi ndi yowerengeka: lamulo lalikulu limabwerera m'mbuyo zaka ziwiri zokha, kapena zitatu ngati bwana anachita dala, pamene New York imalola zaka 6. Tiyerekeze munthu wa madola 16 pa ola wagwira maola 50, bwana n'kumulipira onse pa mtengo wamba. Wamudyera madola 80 sabata imeneyo. Zikatere miyezi itatu ya kukolola, ndalama zaposa madola 1,000.

Palinso kanthu kena kamene ambiri sakadziwa. Wogwira m'shedi yolongedza zipatso zochokera kwa alimi ena, osati za famu ya bwana wake yekha, kawirikawiri sawerengedwa ngati wam'munda, choncho ovataimu ya lamulo lalikulu imamukhudza.

Eni mafamu nawo ali ndi mfundo, ndipo ine monga mlangizi sindingaitaye. Mtengo wa mkaka kapena maapulo saika ndi mlimi, ndipo mbewu ikacha imafuna manja tsiku lomwelo. Ena atangoona lamulo latsopano anadula maola, antchito n'kumapita kunyumba ndi ndalama zochepa kuposa kale. Zimenezi ndi zoona. Koma maganizo anga ndi akuti ulimi umene phindu lake lagona pa maola aulere a wantchito sunawerengere bwino ndalama zolowa. Feteleza timamuika pa bajeti, dizilo timamuika. Msana wa munthu wokha ndi umene timauyesa wongotola.

Chimene chimandigwira mtima kwambiri ndi chigamulo cha khoti lalikulu la America cha mu 1946 pa mlandu wa fakitale ya mbale zadothi ya Mt. Clemens Pottery. Khotilo linati kusunga kaundula wa maola ndi udindo wa bwana. Ngati sanasunge, wantchito angosonyeza mwanzeru kuchuluka kwa maola amene anagwira, ndipo zitsalire bwana kutsutsa. Apa ndiye pamene kope la mwana wa sukulu limasanduka mboni. Tsiku, nthawi yolowa, nthawi yoweruka, dzina la kapitawo. Wopanda cholemba amangoti "tinkagwira mpaka mdima", ndipo mdima suwerengeka pamaso pa woweruza.

Kuno kwathu lamulo la ntchito la 2000 limaika maola 48 pa sabata, ovataimu ya ola limodzi ndi theka, ndi kuwirikiza kawiri pa tsiku lopuma kapena la holide. Maofesi a leba ali m'maboma, ndipo khoti la Industrial Relations Court lilipo. Koma ndikafunsa pa esiteti kuti maola amalemba ndani, yankho limakhala lakuti ndi kapitawo, ndipo buku limagona ku ofesi ya bwana. Amene mukupita kukagwira ntchito yosankha fodya chaka chino, gulani kope pomwe mwagula nyuzipepalayi, ndipo mnzanu wa pafupi azisainira Loweruka lililonse.