ZA PAKHOMO: Kukhoma Kabati pa Cipupa Cofumbutuka

Mabanja ambiri m'midzi amapacika kabati ya mbale m'khichini ndi misomali iwiri cabe. Cipupa cikakhala cofumbutuka, misomaliyo imazuka pang'onopang'ono kufikira tsiku limene kabati igwa. Mbale zikasweka zimagulidwa zina, koma mwana wokwawa pansi pake angavulale koopsa.

Coyamba, mwini nyumba akande cipupa ndi msomali. Ngati mcenga uyoyoka, acotse pulasitala yonse yofooka mpaka njerwa zolimba zioneke. Anyowetse malowo ndi kumata mwatsopano, posakaniza muyezo umodzi wa simenti ndi miyezo 4 ya mcenga wa kumtsinje. Aziwazapo madzi kwa masiku 7, cifukwa simenti youma msanga imang'ambika.

Pambuyo pake akhome thabwa lolimba mopingasa, ndipo kabati imangidwe pa thabwalo kuti kulemera kwake kugawanike. Masikuluu aatali alowe m'njerwa zenizeni, osati m'mizere ya pakati pa njerwa, pakuti m'menemo ndimo mofooka.

Njerwa zosaocha sizigwira sikuluu. Pa cipupa cotere aboole mpaka kunja, aike thabwa lina kunjako, ndipo mabauti aatali amange matabwa awiriwo pamodzi.

Koma ngati cipupa cili ndi ming'alu yaikulu kapena calowedwa ndi ciswe, kabati ipangiridwe miyendo yofika pansi. Miphika yolemera isungidwe m'munsi, ndipo makapu ndi zina zopepuka zikhale pamwamba.