Gogomole uja ndinakunamizani naye

Aphunzitsi anzanga, ndi inu ana anga amene munadutsa m'manja mwanga kuno kwa Zulu, lero ndabwera kudzapepesa.

Kwa zaka zambiri, tikafika pa mutu wa kunjenjemera kwa zinthu mu Physics, ndinkakuuzani kuti gogomole samva mutu pogogoda mtengo chifukwa m'chigaza mwake muli fupa ngati siponji lomwe limameza mphamvu ya kugundako. Sindinapeke ndekha ayi. Zinali m'mabuku, ndipo akatswiri ena ankatengera pomwepo pofuna kukonza zipewa zoteteza mutu. Koma mu 2022 Sam Van Wassenbergh wa ku yunivesite ya Antwerp ndi anzake anajambula mbalamezi ndi makamera othamanga kwambiri, napeza kuti mlomo ukaima, mutu umaimanso nthawi yomweyo, ngati hamala. Palibe chomeza. Ubongo umapulumuka chifukwa ndi waung'ono basi. Amene mukusungabe makope aja, fufutani.

Izi sizikutanthauza kuti kuphunzira ku chilengedwe ndi bodza. Mu 2020 akatswiri a ku Bristol anaonetsa kuti timamba ta pamapiko a agulugufe ena ausiku timameza kulira kumene mileme imasakira chakudya. Kamba kalikonse kamanjenjemera pa liwiro lakelake, ndipo tikaphatikizana timameza mawu osiyanasiyana. Pano akufufuza zopangira makoma tizophimba topyapyala tochepetsa phokoso. Kusiyana kwake ndi nkhani yanga ya gogomole n'koti iwo anayeza, ine ndinangoloweza.

Apa ndi pamene ine ndimadandaula. Chigayo china cha dizilo kufupi ndi kwathu chinkagwedeza khoma mpaka linang'ambika. Mwini wake, amene sanafike n'komwe ku sekondale, anaika zidutswa za matayala pansi pa injini, kugwedera kunachepa. Ana athu amadutsa pomwepo tsiku lililonse, koma m'kalasi timangowalozetsa pendulamu yojambula pa bolodi.

Tisanamizire kusowa kwa labotale. Mafoni amakono ali ndi kachipangizo koyeza kugwedera, ndipo pulogalamu ya phyphox ndi yaulere. Ikani foni pa thumba la makoko a mtedza, gogodani desiki, lembani manambala. Kenako yesani gaga, mchenga, zitsononkho, ngakhale nkhata ya amayi. Ine ndikuganiza kuti makoko apambana, koma mwaona kale kumene kuganiza kunandifikitsa.

Teremu ikubwerayi ndiyamba ndi Fomu 3. Amene muli ndi foni yakale yomwe ikungokhala m'chikwama, mukudziwa kumene ndimapezeka.