Wodwala khansa wa befu tisamugoneke ngati thumba la cimanga

Pa zaka zanga zonse za ukatekisiti ndalowa m'nyumba zambiri za odwala, ndipo mau amene ndimamva kawirikawiri pakhomo ndi akuti: "Gonani atate, musagwire kanthu." Mau amenewa amacokera m'cikondi, ndipo palibe angatsutse. Koma lero ndifuna kukamba poyera kuti kwa munthu wodwala khansa amene amacita befu, cikondi coterechi nthawi zambiri cimamufooketsa msanga kuposa mmene matenda okha akanacitira.

Caka catha mlimi wina wa mumphakati wathu anabwera kucokera ku Lusaka kumene analandira cithandizo ca khansa ya m'mapapo. Tsiku lofika anatsika yekha m'basi, nayenda mpaka pakhomo pake, ngakhale anali kupumira m'mwamba. Banja litaona wefuwefu uja linacita mantha, namuyalira mphasa m'nyumba. Madzi osamba, nsima, ngakhale kabekete, zonse zinali kumupeza pomwepo. Patapita milungu itatu ndinamupeza sangathe kuima popanda anthu awiri omugwira. Mkazi wake anati kwa ine: "Aphunzitsi, matenda akula." Koma atapita naye kucipatala, adokotala anati cotupa sicinasinthe kwenikweni. Cimene cinatha ndi mphamvu za m'miyendo.

Tiyeni timvetse mmene zimayendera. Munthu wa befu amaopa kuyenda, cifukwa akayenda mpweya umamucepera. Akaleka kuyenda, minofu ya m'miyendo ndi ya pacifuwa imafota. Minofu yofota imafuna mpweya wambiri kuti igwire kanchito kocepa, motero befu limabwera msanga kuposa kale. Befu likabwera, mantha amakula, ndipo munthu wamantha amapuma mofulumira ndi mosafika pansi. Mlimi aliyense adziwa kuti ng'ombe yokhala m'khola miyezi yambiri siingakoke pulawo tsiku loyamba la mvula. Thupi la munthu nalonso ndi cimodzimodzi.

Sindikunena kuti befu lonse limatha ndi kuyenda ayi. Coyamba ndi kudziwa gwero lake, ndipo iyi ndi nchito ya acipatala. Mwina cotupa catseka njira ya mpweya. Mwina madzi adzaza m'mbali mwa mapapo, ndipo amenewa amacotsedwa kucipatala, munthu n'kupezako bwino. Mwina magazi acepa, monga zimacitikira amai odwala khansa ya khomo la ciberekero amene amataya magazi, kapena amene alandira mankhwala amphamvu a khansa. Mwinanso ndi cibayo kapena TB, matenda amene ali ndi mankhwala ake. Befu likabwera mwadzidzidzi, kapena pamodzi ndi kupweteka pacifuwa, kukhosomola magazi, kutentha thupi, kapena kutupa mwendo umodzi, musayese zolimbitsa thupi. Thamangani naye kucipatala tsiku lomwelo. Amene akumva kuwawa m'mafupa kapena kumsana ayambe wafunsa adokotala, cifukwa khansa ikalowa m'mafupa amathyoka mosavuta.

Acipatala akavomereza, pali zinthu zosafuna ndalama zimene banja lililonse lingacite. Befu likagwira, wodwala akhale pampando, aweramire kutsogolo pang'ono, zigongono zili pamaondo, mapewa atawamasula. Akokere mpweya m'mphuno, ndipo autulutse pang'onopang'ono pakamwa, milomo itayandikana ngati munthu wouzira phala lotentha. Kutulutsa kukhale kotalika kuposa kukoka. Wina amukupize kumaso ndi cibenthu ca katoni, pakuti kamphepo kozizira kofika pamphuno ndi pamasaya kamacepetsa kumva kubanika. Zenera likhale lotsegula. Mbaula ya malasha, utsi wa nkhuni ndi fumbi la fodya wa m'cigafa zikhale kutali ndi iye. Ndipo ife ocezera odwala tileke kudzazana anthu khumi m'kacipinda kamodzi. Tingapemphere naye panja, pamthunzi.

Kuyenda kuyambe mocepa: mphindi 2 kapena 3, kawiri pa tsiku, m'mawa ndi madzulo dzuwa litazizira. Lero afike pankhokwe, sabata yamawa pamtengo wa mango, kenaka pamseu. Ikani mpando kapena citsa pakati pa njira kuti apumirepo. Muyeso wake ndi uwu: ngati akupuma mwamphamvu koma atha kukamba nanu mau angapo, ali bwino, ngati mau akanika kutuluka, aime, apume, befu litsike, ndiyeno apitirize. Anyamuke pampando ndi kukhalanso kasanu, atagwira khoma. Asambe atakhala pansi. Nchito zamanja monga kuswa nshawa, kusankha nyemba ndi kuluka mphasa musamulande. Akulu anati pang'onopang'ono ndi mtolo.

Izi si nzeru zanga. M'caka ca 2020 bungwe la zaumoyo padziko lonse la WHO linatulutsa malangizo akuti akulu, kuphatikizapo amene anadwalapo khansa, azigwiritsa nchito thupi mphindi 150 mpaka 300 pa sabata, ndipo amene sangakwanitse acite zimene thupi lawo lilola, cifukwa kucita pang'ono kuposa kukhala cabe. Wodwala wa befu sadzayambira pa 150, koma mphindi 5 za lero ndizo zidzabala 10 za mwezi wamawa.

Ndidziwa kuti ena adzanditsutsa. Adzati: "Munthu ali pafupi kutisiya, mumuvutitsiranji?" Funso limeneli ndi loona, ndipo ndaliganizira kwambiri. Zolimbitsa thupi sizicotsa khansa, ndipo aliyense wokuuzani kuti musiye mankhwala a kucipatala cifukwa ca izi akukunamizani. Iliponso nthawi, kumapeto kwa ulendo, pamene coyenera ndi kumutembenuza bwino, kumukupiza, ndi kumupatsa mankhwala monga morphine, amene acipatala amapereka pa muyeso wocepa kuti acepetse ululu ndi befu lomwe. Koma ambiri timawagoneka nthawi imeneyo isanafike. Munthu amene akanatha miyezi akudzipitira yekha kucimbudzi timamusandutsa khanda lonyamulidwa ndi apongozi ake. Funsani mkulu aliyense cimene aopa kwambiri, adzakuuzani kuti ndi manyazi amenewa.

Ena adzati: "Anansi adzatinena kuti tikuzunza wodwala." Apa ndiye pali nchito yathu ya mumphakati. Anthu akaona a komiti ndi amai a m'bungwe akuyenda naye wodwala mpaka pamseu, mijedo idzatha. Pa zaka za m'ma 1990, pamene Edzi inatipulula, mipingo ya m'Zambia inaphunzitsa anthu ongodzipereka kusamalira odwala kunyumba. Ambiri a iwo akali ndi moyo m'midzi mwathu. Luso lija lisafe. Liwonjezedwe ndi maphunziro a kapumidwe ndi kayendedwe ka odwala khansa.

Ndili ndi pempho kwa boma. Cipatala ca khansa ca Cancer Diseases Hospital cinatsegulidwa ku Lusaka m'caka ca 2007, ndipo tiyamika. Koma wodwala wa ku Chipata, Lundazi kapena Chadiza akamaliza cithandizo amabwerera makilomita oposa 500, ndipo masiku ake ambiri amathera pamudzi. Sukulu ya Evelyn Hone ndi University of Zambia zimaphunzitsa akatswiri olimbitsa ziwalo, amene timawacha a physio. Tipempha kuti wodwala khansa aliyense asatulutsidwe m'cipatala asanaonane ndi mmodzi wa iwo pamodzi ndi womusamalira, ndiponso kuti akatswiriwa aziyendera makiliniki a kumidzi ndi kuphunzitsa anamwino ndi ongodzipereka. Izi sizifuna makina odula. Nanunso abale, musaope kufunsa musanatuluke m'wodi: kodi ayende motani, ndipo ndi zizindikiro ziti zotibweza kuno?

Mlimi uja tinayamba naye ndi kuima cabe pambali pa bedi. Sabata yaciwiri anafika pakhomo. Patapita miyezi iwiri anayenda mpaka kumunda wake wa nshawa, akupumira pa zitsa ziwiri panjira, nakhala pamthunzi kulangiza adzukulu kakumbidwe. Khansa siinamusiye, ndipo tinamuika m'manda nyengo yamvula. Koma munda wake anauona, ana ake anawagawira malo ali cikhalire pampando wake, ndipo kufikira masabata otsiriza anali kudzisambitsa yekha.

Pa 4 February dziko lonse limakumbukira za khansa, ndipo pa 11 February Mpingo umasunga Tsiku la Odwala, limene Papa Yohane Paulo II anakhazikitsa m'caka ca 1992. Tisadikire masiku amenewo. Ngati pamudzi panu pali wodwala wotere, ndipo acipatala avomereza, pitani mawa m'mawa, mumugwire dzanja, mufike naye pankhokwe.

Wolemba ndi katekisiti wa Mpingo wa Katolika kucigawo ca Kum'mawa.