Moto wa dzuwa ukufuna chiphaso chanji?

Anzanga a mumsika, inu mukudziwa kuti wa butchala ndi wa tomato sayang'aniridwa mofanana. Wa nyama a zaumoyo amamuyendera, pomwe wa tomato amangodula tikiti basi. Mkangano wangati womwewu ndi umene wabuka ku Ulaya ndi ku America pa magetsi atsopano otchedwa fusion.

Fusion ndi moto uja umayaka m'kati mwa dzuwa. Akatswiri amatenga mitundu iwiri ya mpweya wa hydrogen, deuterium ndi tritium, n'kuitenthetsa kupyola madigiri 100 miliyoni mpaka timaatomu take tiphatikizane, ndipo pophatikizanapo pamatuluka mphamvu. Nyukiliya ya yureniyamu, ija idachita ngozi ku Chernobyl mu 1986 ndi ku Fukushima mu 2011, imachita kuswa atomu, ndipo ikalusa kuigwira n'kovuta. Fusion ayi. Pakangolakwika pang'ono motowo umazima wokha.

Pachifukwa chimenechi, Britain kudzera mu lamulo la Energy Act la 2023 idati malo a fusion asamafune chiphaso cha nyukiliya. Owayang'anira akhala a Environment Agency ndi a Health and Safety Executive, omwe amayendera mafakitale wamba. Ku America nako, mu April 2023, bungwe la Nuclear Regulatory Commission lidagamula kuti fusion isaikidwe m'gulu la mareyakita, koma m'gulu lopepukirapo la zipangizo za radiation zonga za m'zipatala. France ndiye idatenga njira ina. Chimakina cha ITER chomwe maiko akumangira pamodzi ku Cadarache chili pansi pa malamulo a nyukiliya enieni, moti mu 2022 oyang'anira adaimitsa ntchito yolumikiza mtima wa makinawo kufuna mayankho kaye.

Kwa ine, a Britain sadalakwe kunena kuti fusion si Chernobyl. Koma tisanamizanepo, nayonso si tomato. Tritium ili ndi radiation, imadutsa ngakhale m'zitsulo, ndipo ikalowa m'madzi kuichotsamo ndi ntchito. Pamatenga zaka 12 kuti theka lake lithe mphamvu. Ndi tritium yomweyonso amaika m'mabomba a nyukiliya kuti aphulike kwambiri. Nazo zipupa za makinawo zimasanduka zinyalala za radiation zikagwira ntchito nthawi yaitali. Katundu wotere amafunika munthu wa sikelo, wowerenga galamu iliyonse yolowa ndi yotuluka, ndipo asakhale wodya kwa mwini katundu.

Apa ndiye pamene pakundikayikitsa. Maboma akupeputsa malamulo mothamanga pofuna kukopa makampani ndi ndalama zawo, chonsecho mpaka lero palibe fusion yomwe yagulitsapo magetsi ngakhale a babu limodzi. Pa 5 December 2022 akatswiri a ku Lawrence Livermore, ku California, adalowetsa ma megajoule 2.05 n'kutulutsa 3.15, dziko lonse n'kuomba m'manja. Chomwe ambiri sadamve n'choti malaser awo adadya ma megajoule pafupifupi 300 kuti ayake. Eti abale, munthu kunyadira phindu la K1 pa katundu, kuiwala kuti minibasi yamudyera K300!

ITER nayo mu 2024 idalengeza kuti kuyatsa deuterium ndi tritium kwasunthira ku 2039, ndipo pafunika mayuro ena 5 biliyoni. Britain ikuti yake ya STEP, ku West Burton, idzayaka cha m'ma 2040. Koma kampani ya Helion mu 2023 idasainirana ndi Microsoft kuti pofika 2028 idzayamba kuigulitsa magetsi a fusion, ma megawatt 50. Aliyense wogula pa oda akudziwa mtima umene umakhala nawo ukalipiriratu katundu yemwe sunamuone.

Lamulo lopepuka lapatsa a Helion ndi anzawo mpata woti amange msanga. Chabwino, amange. Koma tsiku lomwe adalonjeza ndi iwo eni, 2028, si patali, ndipo ife m'danga lino talilemba m'kope la ngongole.