Liwu lakuti "tunnel" lisamasuliridwe ndi liwu limodzi

Mwa zizolowezi zimene mphunzitsi wa Chingerezi amagwamo, chovuta kuchileka ndi chija chopatsa ana liwu limodzi la Chichewa pa liwu lililonse lachilendo. Mwana akafunsa tanthauzo la "tunnel", ambiri timayankha msanga kuti ndi phanga, ena amati ndi ngalande, phunziro n'kupitirira. Ine ndikuti mayankho awiri onsewa ndi osokeretsa, ndipo ife ophunzitsa kuno ku Dedza tili nazo pafupi zipangizo zophunzitsira liwuli moyenera.

Tiyambe ndi phanga. Ana a ku Mphunzi ndi ku Chencherere amawadziwa mapanga a dera la Chongoni, momwe muli zithunzi za makolo zimene bungwe la UNESCO linazilemba m'kaundula wa chuma cha dziko lonse lapansi mu 2006. M'phanga munthu amatulukira pomwe analowera. Ngalande ili ndi koyambira ndi kothera, koma ilibe denga. "Tunnel" ndi njira yobooledwa pansi pa nthaka, m'kati mwa phiri kapena kunsi kwa madzi, yofundika pamwamba, yoti ukalowera uku ukatulukire uko. Mwana amene wauzidwa kuti ndi phanga adzasokonezeka tsiku lomwe adzawerenge za njira ya sitima ya makilomita 50 yodutsa pansi pa nyanja pakati pa England ndi France, imene inatsegulidwa mu 1994. Kodi sitimayo ikalowa m'phanga idzatulukira kuti?

Chiyambi cha liwuli chimatithandiza. Linachokera ku Chifalansa chakale, ku liwu lakuti "tonel", ndiye kuti mgolo. Litalowa m'Chingerezi m'zaka za m'ma 1400, linkatanthauza ukonde wotchera mbalame, wotambasuka kukamwa ndi wopanikiza kumapeto, monga mono wa asodzi athu. Pambuyo pake linayamba kutchula mpope ndi njira yotulukira utsi. Tanthauzo la lero linakhazikika m'zaka za m'ma 1700, pamene Angerezi ankaboola mapiri kuti ngalande zawo zoyendamo mabwato zidutse. Kenaka Afalansa analibwerekanso liwulo pamodzi ndi tanthauzo lake latsopano. M'kusintha konseku chinthu chimodzi sichinatayike: maonekedwe a chinthu chobulungira, chamako m'kati.

Maonekedwe amenewo ndiwo tiyenera kuika m'manja mwa ana. Tengani chitini chotsegula mbali imodzi, limenelo ndi phanga. Tengani nsungwi yong'amba pakati, imeneyo ndi ngalande. Tsono boolani chitini mbali zonse ziwiri, muchikwirire ndi mchenga, mwana mmodzi adutsitsemo chingwe. Pamenepo ndi pomwe mutchule liwu lija, osati kale. Mukatero funsani ana kumene anaonapo chotere. Okumba mbewa adzakuuzani za una wokhala ndi khomo lothawira. Ena adzanena za mfuko m'dimba la mbatata, ndipo ena adzakumbuka nkhani za agogo awo amene anapita ku migodi ya ku Joni ndi Wenela. Ziganizo zoyamba za Chingerezi zichokere m'mayankho amenewa. Aonetseninso kuti liwuli ndi dzina komanso mneni, monga m'chiganizo chakuti "The mole tunnels under our garden". Tcherani khutu ku katchulidwe, pakuti lilime lathu limakonda kuonjeza lembo la liwu kumapeto n'kunena kuti "tanelo".

Ena adzati nthawi ndi yochepa, silabasi ndi yaitali, ndipo mayeso sadikira. Zimenezo n'zoona, ndipo sindikunena kuti liwu lililonse lichitiridwe chotere. "Goat" ndi mbuzi, palibe chifukwa chotayirapo nthawi. Sindikunenanso kuti ana a Sitandade 5 aloweze Chifalansa chakale. Mbiri ya liwu ndi ya mphunzitsi, kuti adziwe choti aonetse. Koma mawu amene alibe mnzake weniweni m'Chichewa amafuna kudekha. Chitsanzo cha chitini chimatenga mphindi zisanu zokha, pamene tanthauzo lolakwa limakhala m'mutu mwa mwana zaka zambiri. Akuluakulu anati m'mera mpoyamba.

Choncho inu amene mukukonzekera kukayesa kuphunzitsa m'sukulu za ku Bembeke, ku Linthipe kapena ku Mayani, polemba chikonzekero cha phunziro dzifunseni pa liwu lililonse latsopano: kodi ili lifuna kumasulira kapena kuonetsa? Likafuna kuonetsa, musalowe m'kalasi chimanjamanja.