PA BENCHI: Mtsikana wa mpira akafooka, musathamangire kunena za mimba

Anzanga a pamsika, sabata ino ndasiya kaye za ndale ndi za ziphaso za khonsolo. Ndabwera ndi nkhani ya m'nyumba mwathu, ndipo mwini wake wandiloleza kuti ndiilembe bola dzina ndibise.

Mlongo wanga ali ndi zaka 19. Ndi wamtali ngati mlongoti, ndipo pa mpira wa ntchemberembaye ndiye ankamwetsa zigoli m'timu ya kudera kwathu. Maloto ake adali odzavala yunifolomu ya ma Queens n'kukasewera kunja monga adachitira Mwawi Kumwenda. M'mawa ankathandiza amayi kuyala tomato ndi mchere pa benchi, masana n'kuthamangira kubwalo.

Chaka chatha adadwala malungo. Mankhwala adamwa, malungo n'kutha, koma mwana sadabwerere mwakale. Akagona usiku wonse ankadzuka ali wotopa ngati wachokera ku ganyu. Kubwalo akangothamanga mphindi khumi, basi miyendo zii. Kukutentha chotere mwezi wa Okutobala, iye ali m'juzi. Kuseka kudatha. Ndiye kudabwera china chomwe chidautsa mapiri pachigwa: adasiya kusamba kumwezi kwa miyezi itatu.

Inu mukudziwa m'mene nkhani imayendera pamsika, imaposa minibasi. Amayi a benchi loyandikana adati, "Mwanayu ali ndi pakati, musadzinamize." Ena adanong'ona za kachirombo. Ena adati anzake a m'timu amuponda chifukwa cha nsanje. Kochi wake adangoti ndi ulesi, n'kumuika pa benchi ya osasewera. Amayi, posowa pogwira, adapita naye kwa sing'anga ndipo mpamba wa madengu awiri a tomato udathera komweko.

Nanenso ndisadziyeretse. Ndidamukalipira kuti asiye matama. Tsiku lina usiku adandiyankha motsitsa mawu: "Achimwene, ine ndatopa nazo. Mwina bola kungofa." Apo ndi pamene thupi langa lidachita tsembwe. M'mawa mwake tidalawirira kuchipatala.

Adamuyeza mimba, palibe. Kachirombo, palibe. Shuga, ali bwino. Magazi adapezeka ochepa, nambala yake 10.5, pomwe kwa mkazi wosayembekezera sayenera kutsika pa 12. Kenaka dokotala adamugwira pakhosi n'kuti tikayezetsenso chithokomiro. Kuyeza kumeneku tidakalipira ku labotale ya pulaiveti, ndipo kudatiluma m'thumba ndithu.

Ambirife tikamva chithokomiro timaganiza za chotupa chija chimatuluka pakhosi pa agogo kumudzi. Komatu aliyense ali ndi kachiwalo kameneka, kutsogolo kwa khosi, kooneka ngati gulugufe. Ntchito yake n'kutulutsa timadzi tiwiri, T4 ndi T3, tomwe timalamula liwiro la thupi: kugunda kwa mtima, kutentha, kugaya chakudya, ngakhale maganizo. Kakafooka, munthu amatopa, amazizidwa, khungu limauma, ndipo mtima umangokhala wosweka popanda chomuswa.

Ndiye pali kapitawo wake. Pansi pa bongo pali kachiwalo kena kotumiza uthenga wotchedwa TSH. Chithokomiro chikamagwira ntchito mwaulesi, kapitawo amakweza mawu, nambala ya TSH n'kukwera. M'malabotale ambiri nambala yabwino imayambira cha pa 0.4 kulekeza cha pa 4. Ya mlongo wanga idali 5.8, koma T4 ali bwinobwino. Ndiye kuti kapitawo wayamba kukalipa, koma katundu akutulukabe wokwanira. Zotsatira zotere amati zili m'malire: sunganene kuti munthu akudwala chithokomiro, sunganenenso kuti zonse zili bwino.

Ine ndidasangalala kuti tapeza mfiti yake. Ndidati, "Adokotala, tipatseni mankhwalawo basi." Iwo adapukusa mutu. Adafotokoza kuti mankhwala alipo, dzina lake levothyroxine, koma kawirikawiri amayamba kupereka nambala ikapitirira 10, kapena ngati pali zifukwa zina monga mimba, kapena nambala ikakana kutsika munthu akuvutikabe. Adatinso munthu akangochira kumatenda aakulu, TSH imatha kukwera kwa kanthawi n'kutsika yokha, choncho amayezanso pakatha miyezi iwiri kapena itatu. Kuona maso a nkhono n'kudekha.

Kenaka adatembenukira kwa mwini wake. "Chemwali, musanapite kubwalo mumadya chiyani?" Yankho lidatichititsa manyazi tonse. Tiyi ndi mandasi awiri m'mawa, basi mpaka nsima ya usiku. Mwana wa wogulitsa zakudya, koma ankathamanga maola awiri ndi m'mimba mopanda kanthu, chifukwa wina adamuuza kuti woponya zigoli ayenera kukhala wopepuka. Vuto limeneli ndi lodziwika m'masewero, moti mu 2014 komiti ya Olimpiki ya dziko lonse idalipatsa dzina loti RED-S. Thupi likamalandira chakudya chochepa kuposa mphamvu zomwe likutaya, limayamba kusunga mafuta ngati dalaivala yemwe thanki yatsala pang'ono: limachepetsa T3, limaimitsa kusamba kwa kumwezi, ndipo mafupa amafooka. Mimba ija ankainena pamsika idali njala.

Chachitatu adatiuza mosapsatira kuti mtsikanayu ali ndi matenda a kukhumudwa, ndipo awa sadikira zotsatira za chithokomiro. Kaya ayamba chifukwa cha thupi, kaya chifukwa chochotsedwa m'timu ndi miseche, munthu wonena za kufa amafunika thandizo lero lomwe. Adatitumiza kwa namwino woona za maganizo. Amayi adachita mantha, ati, "Ndiye kuti mwana wanga wapenga? Mumutengera ku Zomba?" Namwinoyo adawayankha modekha kuti ayi mayi, kukhumudwa si misala, ndipo ambiri amathandizidwa akugona kunyumba kwawo.

Tidayamba njira zitatu pamodzi: mapiritsi owonjezera magazi, kudya katatu patsiku ndi kupumula kubwalo, ndiponso kukacheza ndi namwino uja. Pa mbale pake pakhala usipa, nyemba, bonongwe wotendera, dzira likapezeka. Patatha miyezi itatu tidakayezanso. TSH idatsika kufika pa 4.6. Ikadali m'malire, ndipo adokotala ati aziiyang'anira, chifukwa mwa anthu ena chitetezo cha thupi chimaukira chithokomiro pang'onopang'ono, matenda omwe dokotala wa ku Japan, Hakaru Hashimoto, adawafotokoza mu 1912. Sindikunamizani kuti wachiriratu. Koma kusamba kudabwerera, wayambanso kuponya mpira pang'onopang'ono, ndipo Loweruka lapitali ndidamumva akuseka ndi kasitomala wokakamira banyira.

Ndidamuuzanso za Gail Devers wa ku America. Iye chithokomiro chake chinkathamanga mopitirira muyeso, adavutika nacho zaka zingapo asadadziwe chomwe chikumudya, koma atalandira chithandizo adapambana mendulo ya golide pa liwiro la mamita 100 ku Barcelona mu 1992, n'kubwerezanso ku Atlanta mu 1996. Khosi silitseka bwalo.

Tsono inu a pamsika nkhaniyi ikukukhudzani patatu.

Poyamba, inu ogulitsa mchere. Chithokomiro chimapanga timadzi take ndi ayodini, ndipo ambirife timamupeza mu mchere. N'chifukwa chake dziko lino lili ndi lamulo loti mchere wodya uzikhala wothira ayodini. Koma ayodini amathawa mchere ukakhala padzuwa ndi pachinyontho uli pululu. Odani wolembedwa kuti uli ndi ayodini, ndipo muziuvundikira. Amayi anga tsopano amayala timilu tochepa, wotsalawo uli m'ndowa yotseka. Izi sizikutanthauza kuti wotopa aliyense azikokera mchere m'ndiwo, mungaitane BP.

Kachiwiri, inu amene mumagulitsa mapiritsi pansi pa benchi, ndi inu ogula. Mankhwala a chithokomiro si Panado. Munthu akamwa osafunikira, mtima umathamanga mosalongosoka, tulo timasowa, mafupa amaphwepweka. Safunsa adadya phula.

Kachitatu, pakamwa pathupa. Mwana wa mnzako akafooka, mufunseni ngati wadya, mufunseni chikumuvuta, mulangizeni mayi wake za kuchipatala. Ndipo mwana akanena kuti bola kufa, musati ndi matama monga ndidachitira ine. Tsekani benchi tsiku limenelo, mukhale naye, mupite naye kuchipatala. Tomato akaola mudzaodanso wina.

Amayi a benchi loyandikana aja adabwera dzana ndi mazira asanu m'kapepala, ati apatse "mwana wathu wa mpira". Za mimba ija sadatchulenso, nafenso sitidawakumbutse.

Tionanenso sabata ya mawa, pompano pa benchi.