Cigayo Cinatilanda Nyimbo za Pamtondo

Ife a ku Katete, Sinda ndi Vubwi tinazolowera kuyankha kuti "tili bwino" ngakhale mtima uli kuwawa. Makolo athu anaudziwa mkhalidwe umenewu, ndipo anasiya mipata yotulutsira za kukhosi popanda manyazi.

Mpata waukulu unali pamtondo. Mai amene mwamuna wace wathera ndalama za thonje ku mowa, kapena wamubweretsera mkazi mnzace, sanali kuthamangira ku bwalo ai. Anali kugwira musi nayamba nyimbo, anzace nabvomera. Dzina silinali kuchulidwa, koma mudzi wonse unali kumva, ndi apongozi omwe. Ankhoswe anali kudziwira pomwepo kuti m'nyumba muja mwafuka utsi. Limeneli linali luso: kunena zowawa mwa njira yakuti wonenedwayo asowe pokwiyira.

Lero cimanga cipita ku cigayo. Misana ya amai yapumula, ndipo tiyamika. Koma injini simva madandaulo a munthu.

Gule Wamkulu, amene bungwe la UNESCO linamulemekeza mu 2005, ndipo timamuona pa Kulamba ku Mkaika mwezi wa August, ali ndi nzeru yomweyo. Akhristu ambiri sagwirizana ndi za kudambwe, imeneyo ndi nkhani ya tsiku lina. Koma wobvina abisa nkhope kuti adzudzule ulesi ndi ciwerewere, zimene maso ndi maso sizineneka. Malemu Julius Chongo nayenso, m'programu ya Poceza M'madzulo pa wailesi, anali kubisa nsanje ndi umbombo wathu m'nthano. Tinali kuseka, koma pogona aliyense anali kudzifunsa.

Otidetsa nkhawa kwambiri ndi azibambo. Iwo alibe mtondo, ndipo anakula ndi mau akuti mwamuna salira. Cilala ca 2024 citapsereza minda, ambiri anatsala ndi nkhongole za feteleza ndi nkhokwe zopanda kanthu, koma pa chalichi anali kumwetulira ngati kale. Tonse tamvapo za maliro a munthu amene anamwa mankhwala opopera thonje, abale nadabwa kuti sananenepo kanthu. Akananena kuti, ndipo kwa yani?

Makwaya athu apeka nyimbo zokoma za kumwamba. Tiwapempha apekenso za mlimi amene sagona tulo cifukwa ca nkhongole. Masalmo omwe ali odzaza ndi kulira kwa amuna. Acinyamata a masewero nawo, m'malo momangotiseketsa ndi cidakwa codzandira, ationetseko cimene cinamutuma ku botolo. Ndipo pa mphakati, mau a Mulungu atawerengedwa, atsogoleri asafulumire kuchula za zopereka. Ayambe afunsa uja wakhala cete kumbuyo.